Ndili ndi khanda, ndilemba nthawi yanji?

Funso: "Mayi, ndili ndi mwana wa masabata 6, wachisamba. Ndisanachire ndinkalemba nkhani zifupizifupi ndi ndakatulo, ndipo ndinali nditayamba buku lalitali lomwe ndinalisiyira pa mutu wachinayi. Chichirireni sindinalembepo ngakhale mzere umodzi. Amayi anga amene anabwera kudzandithandiza abwerera kumudzi, bambo a mwana amachoka m'mamawa n'kubwera kutada, ndipo tchuthi changa chitha mwezi wamawa. Anzanga akuti ndizilemba mwana akagona, koma akagona pali matewera, pali mbale, ine mwini ndimangosinza. Kodi ndingoziiwala zolembazi mpaka mwana atakula?" Wafunsa ndi mayi wa ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre.

Yankho: Amake mwana, tithokoze kuti munachira bwino. Zolemba musaziiwale ayi. Chofunika kuchiiwala kwa miyezi ingapo ndi kalembedwe kamene munazolowera, kokhala pansi Loweruka masana n'kudzadzidzimuka dzuwa litalowa muli ndi masamba asanu. Kameneko kayamba kapita, ndipo mukati mukadikire mudzafika posiyitsa mwana bere musanalembe kalikonse.

Anzanuwo sakukunamizani dala, kungoti masamu awo ndi olakwika. Khanda limagonadi kwambiri, maola 14 mpaka 17 pa tsiku, koma tulo take ndi todukizadukiza: ola limodzi apa, maola awiri apo, nthawi zina mphindi 20 basi. Pa maola 24 mwana wotere amayamwa ka 8 mpaka ka 12, ndipo akayamwa pamafunika kumugeyetsa, kumusintha thewera ndi kumugoneka. Komanso mwandilembera pa nyengo yothina kwambiri. Makanda ambiri kulira kwawo kumafika pachimake pa masabata 6 omwewa, makamaka chakumadzulo, kenaka kumayamba kuchepa pofika miyezi itatu kapena inayi. Kusalemba kwanu pa masabata amenewa si ulesi, ndiponso si chizindikiro choti luso lathawa.

Ndiyambe ndi komwe simuyenera kuitenga nthawiyo, ku tulo tanu. Mudzamva malangizo oti mlembi weniweni amadzuka 4 koloko m'bandakucha, ndipo ena adzakutchulirani Toni Morrison wa ku America, mlembi yemwe analandira mphoto yapadziko lonse ya Nobel ya zolembalemba mu 1993. Ndi zoona kuti iyeyu ankanena kuti anayamba kulemba kusanache chifukwa anali ndi ana aang'ono, ankafuna kugwiritsa ntchito nthawi ija asanadzuke n'kuyamba kumuitana. Koma taonani, mwana wodziwa kuitana amake si khanda la masabata 6. Inu mwadzutsidwa kale katatu usiku womwewo. Mukadzikakamizanso kudzuka 4 koloko mudzangoyang'ana pepala maso ali gwa, masana n'kumapsera mtima aliyense. Munthu wosagona mokwanira amaiwala msanga, ndipo mlembi woiwala zimene analemba dzulo sangalumikize nkhani. Mwana akagona masana inunso tulo tikukukokani, gonani. Mbale zidikire.

Pomwepa ndifunseko chinthu chimene simunachitchule. Kodi chikusowa ndi nthawi yokha, kapena ndi chilakolako chomwe? Ngati mawu akubwera m'mutu koma manja ndi otangwanika, vuto lanu ndi la nthawi ndipo tikambirana. Koma ngati palibenso chimene chikukusangalatsani, mukungolira osadziwa chifukwa, mwana akagona inu tulo osabwera, chakudya osachifuna, kapena mukudziona ngati mayi wolephera tsiku ndi tsiku, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala. Kukhumudwa kwa masiku oyambirira munthu akangochira kumachitikira amayi ambiri ndipo kumatha kokha pasanathe masabata awiri. Kukapitirira pamenepo kungakhale matenda ovutika maganizo, omwe ali ndi chithandizo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati amayi pafupifupi 13 mwa 100 aliwonse amene angochira kumene amadwala matenda a maganizo, makamaka amenewa, ndipo m'mayiko okwera kumene chiwerengerocho chimayandikira 20. Muuzeni namwino kusikelo. Maganizo odzipweteka kapena opweteka mwana akabwera, pitani tsiku lomwelo, musadikire deti ya m'chiphaso.

Tsono tinene kuti chilakolako chilipo. Alembi amene ndimawathandiza ndimawauza kuti kulemba ndi ntchito ziwiri, kutola ndi kumanga. Kutola ndi kugwira mawu amene akudutsa m'mutu kapena m'khutu asanathawe: mzere wa ndakatulo, yankho lamwano limene mpangankhani wanu angapereke kwa apongozi ake, chifukwa chimene mkazi wa m'nkhani yanu akubisira mwamuna wake kalata ija. Kumanga ndi kukhala pansi n'kulumikiza zimenezi kuti zituluke nkhani. Kutola kumatheka ndi dzanja limodzi mwana ali pabere. Kumanga kumafuna manja onse awiri ndi khutu losatchera kulira, choncho sikutheka pokhapokha wina atanyamula mwanayo. Amayi ambiri amagwa mphwayi chifukwa amayesa kumanga pa mphindi zoyenera kutola. Amatsegula kompyuta mwana atangogona, akamamaliza kuwerenga pomwe anasiyira mwana wadzuka, ndiye amati basi sizingatheke.

Pa kutola, gulani kope laling'ono, mumangirire bolopeni ndi ulusi kuti isasochere, muliike pomwe mumakonda kuyamwitsira pamodzi ndi botolo la madzi akumwa. Foni nayo imathandiza: pa WhatsApp mungathe kudzitumizira nokha uthenga, wolemba kapena wamawu, ndipo chala chimodzi chimakwanira. Komabe ine ndimakonda kope. Magetsi akazima tsiku lonse foni imathima, zithunzi za mwana zimaidzaza, imabedwa m'minibasi, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti pomwe mwatsegula kuti mulembe mzere pali Facebook pafupi. Ngati mukugwiritsa ntchito foni, muzikopera zonse m'kope kamodzi pa sabata. Usiku ndiye isiyeni kumene. Kuwala kwake kumathamangitsa tulo tochepa tomwe mukanapeza, ndiponso kusinza pampando kapena pasofa mwana ali m'manja n'koopsa, mwanayo angathe kugwa kapena kutsekeka mphuno. Mawu akabwera usiku, lembani awiri atatu okukumbutsani m'kope, ngakhale mumdima, mugone.

Pali kutola kwina kosafuna ngakhale bolopeni, ndipo inu wolemba ndakatulo muli ndi mwayi pamenepa kuposa olemba nthano okha. Agogo athu aakazi ankapeka nyimbo pamtondo, munsi uli m'manja mwana ali kumsana. Sankadikira kuti chimanga chikonoledwe ndiye apeke. Kugunda kwa munsi ndi kumene kunkawapatsa kayendedwe ka mawu, ndipo madandaulo a banja, chipongwe cha mkazi mnzawo, zonse zinkalowa m'menemo. Madzulo aja mwana akulira inu mukuzungulira naye pakhonde, mapazi anu ali ndi kugunda kwawo. Tchulani mzere mokweza, muubwereze, musinthe liwu limodzi, muubwerezenso. Mwana sasamala tanthauzo, amangofuna mawu a amake, ndipo inu khutu lidzakuuzani pomwe mzere ukutsimphina, chinthu chimene maso pa pepala amachiphonya kawirikawiri. Mzere umene wakhala m'mutu kuyambira pochapa matewera mpaka pokayanika umakhala wolimba. Umene wathawira panjira musaulire kwambiri.

Kusikelo nako musakuone ngati kotaya nthawi. Mukubwererako pa masabata 10 ndi 14 kukabayitsa katemera, komanso kukayezetsa mwana mwezi ndi mwezi, ndipo mudzakhala pa benchi maola ndithu pakati pa amayi ochokera m'makomo osiyanasiyana. Kumeneko anthu amayankhula momasuka za amuna awo, za lendi, za mankhwala amene agogo akukakamiza kuti mwana amangidwe m'chiuno, za mitengo ya sopo. Mlembi amene amavutika kulemba zokambirana zomveka ngati za anthu enieni sangapeze sukulu yoposa imeneyi. Tengani kayankhulidwe, mayina ndi zinsinsi za eni ake muzisiye pomwepo.

Ndipo m'kopemo musamalembe kuti "lero ndatopa". Kutopa aliyense akukudziwa. Lembani kuti munapezeka mutathira mchere mu tiyi, kapena mawu enieni amene amayi anu ananena pokwera basi yobwerera kumudzi, kapena momwe mlendo wina anamuyang'anira mwana kufuna kuona ngati wafanana ndi bambo ake. Masiku anowa mudzawaiwala msanga kuposa momwe mukuganizira, ndipo nkhani zonena za m'chikuta ndi miyezi yoyamba ya umayi, zolembedwa ndi amene anazikhala, sizinachuluke m'Chichewa. Sindikunena kuti muzilemba za mwana basi. Ngati mutu ukukufunsani nkhani ya wapolisi wakuba, tolani ya wapolisiyo.

Tibwere pa kumanga, pomwe pagona nkhani yonse. Nthawi imeneyi simudzaitola pansi, muyenera kuipempha kwa munthu, ndipo apa ndi pamene amayi ambiri olemba amachita manyazi. Kwathu kuno mayi akati akufuna kupita kumsika, kumaliro kapena ku mapemphero a Lachinayi, womugwirira mwana amapezeka msanga. Akati akufuna kukhala pansi ndi kope, anthu amaona ngati akufuna kupuma, poti ntchito yosatulutsa thukuta ambiri saiwerengera. Mwinanso inu nomwe mumtima mukuona choncho, n'chifukwa chake mwafunsa ngati mungoziiwala. Ndiye popempha musayambe ndi kupepesa, ndiponso musapemphe mwachisawawa. Mukati "muzindithandizako kuti ndizilemba", bambo a mwana adzavomera ndi mtima wonse koma sipadzachitika kanthu, chifukwa palibe tsiku limene lonjezo lotere limakwanira. Nenani kuti, "Bambo ake, Loweruka kuyambira 9 koloko mpaka hafu pasiti teni mwana akhala ndi inu, ine ndikhala ndikulemba." Tsiku, ola, ndi utali wake. Ola limodzi ndi theka ndi lokwanira, ndipo kwa mwana woyamwa mwakathithi ndi lomwe lingatheke bwino: mumuyamwitse akhute, mumupereke, muchoke.

Ndati muchoke, ndipo ndikutanthauza kuchokadi. Mukakhala kuchipinda mwana akulirira pabalaza, mabere adzayamba kudontha, mutu udzathawira komweko, ndipo pasanathe mphindi khumi chitseko chidzagogodedwa kuti "mwina akufuna kuyamwa". Sikofunika kupita kutali. Kukwera minibasi kupita m'tauni kukafuna laibulale kudzangokudyerani ola lonselo. Khonde la mnansi, benchi ya kutchalitchi pakati pa sabata, kalasi yopanda ana Loweruka, paliponse pomwe kulira sikufika koma mungaitanidwe pakagwa zenizeni. Bambowo masiku oyamba adzavutika, adzamunyamula mosiyana ndi inu, thewera lidzakhala lopendama. Asiyeni. Bambo amene amalandidwa mwana akangolira sadzaphunzira kumutonthoza. Muwafunsenso ngati anatenga tchuthi chawo: lamulo la ntchito litasinthidwa mu 2021 linapatsa abambo masabata awiri olipidwa mwana akabadwa, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo ambiri sadziwa n'komwe.

Pakati pa sabata bambo kulibe, yang'anani mayi mnzanu wa khanda amene mumamukhulupirira, muchite chipereganyu cha nthawi: Lachiwiri ola limodzi ana onse awiri ali kwa iye, Lachisanu ali kwa inu. Iye ola lakelo akagone kapena akaluke tsitsi, zili kwa iye. Alendo odzaona mwana nawonso, makamaka achibale amene simuchita nawo manyazi, apatseni mwanayo m'manja m'malo mothamangira kukawaphikira. Za pakhomo ndingonena mwachidule: matewera sadikira, koma nyumba yokolopedwa kamodzi pa tsiku sinaphepo munthu, ndipo nyemba zophika kamodzi zimadyedwa kawiri.

Ola lija likapezeka limathanso kuonongeka m'manja mwanu momwe. Musayambe ndi kuwerenga zonse zimene munalemba kale, ndipo musayambe ndi kukonza chiganizo choyamba. Yambani ndi kukopera zimene munatola m'sabatamo. Dzanja likamakopera mutu umalowa wokha m'nkhani, ndipo mudzaona kuti tizidutswa tina tikuitanana. Lembani mopita kutsogolo, malo amene dzina kapena mfundo yasowa ikani mzere n'kupitirira. Kukatsala mphindi zisanu imani, ngakhale nkhani ikukoma, mulembe pansi pake zimene zichitike kenako: "akumana pachigayo, iye akana kuti sanalandire ndalama". Kachiganizo kameneko ndi kamene kadzakupulumutsireni theka la ola ulendo wotsatira. Mukamatulutsa mawu 300 pa ulendo, kawiri pa sabata, pakutha pa mwezi muli ndi mawu 2,400, yomwe ndi nkhani yaifupi yathunthu. Sabata zina mwana adzatentha thupi chifukwa cha katemera, zina mnansi adzapita kumaliro, ndipo simudzalemba. Musadzabweze ngongole ya sabata yophonyayo powonjezera maola, mudzangopitiriza pomwe munasiyira.

Buku lalitali lija, maganizo anga ndi oti muliike kaye pambali. Ena angatsutse, poti pali alembi amene amaopa kuti buku likazizira silidzukanso, ndipo mantha amenewo ali ndi maziko. Koma nthano yaitali imafuna kuti mutu usunge anthu khumi, zaka zawo, amene anakwiyitsana pa mutu wachiwiri ndi chinsinsi chimene chidzaululike pa mutu wachisanu ndi chinayi, zonse nthawi imodzi. Mutu wogona modukizadukiza sungasenze zimenezo, ndipo mudzangodana nalo bukulo. Alice Munro wa ku Canada, amene analandira Nobel mu 2013 chifukwa cha nkhani zifupizifupi, ankanena kuti analowa m'zifupizifupizo poti ana ndi ntchito zapakhomo sizinkamupatsa mpata wa buku lalitali, ndipo buku lake loyamba linatuluka mu 1968 atapitirira zaka 35. Kuti lanulo lisazizire, ola loyamba limene mupemphe muligwiritse ntchito polemba tsamba limodzi kapena awiri okamba za bukulo: ampangankhani ndi ndani, aliyense akufuna chiyani, mumafuna lithere pati, ndi zimene munali musanaganize bwino. Chitani zimenezi mwezi uno zikadali m'mutu. M'kope lanu musiye masamba akumapeto a bukulo lokha, kuti ganizo lake likabwera lipeze pofikira.

Munthu wolemba yekhayekha amafooka msanga, choncho pezani mnzanu mmodzi wokonda kuwerenga amene muzimutumizira chilichonse chimene mwalemba Lamulungu lililonse, ngakhale ndime imodzi. Asakhale wokonza galamala, pakali pano mukufuna munthu wongofunsa kuti "nanga kenako zinatani?" Nyuzipepala zakumapeto kwa sabata monga Malawi News ndi Weekend Nation zakhala zikusindikiza nkhani zifupizifupi ndi ndakatulo, ndipo bungwe la alembi la Malawi Writers Union lakhala likuchititsa mipikisano ya nkhani. Kukhala ndi komwe mukulinga kumathandiza, koma sankhani chimodzi chokha, chomwe tsiku lake lotsekera lili patali. Kulonjeza mkonzi kuti mupereka nkhani Lachisanu likudzali muli ndi khanda ndi kudziputira nkhawa yosafunika.

Za kubwerera kuntchito zikuoneka kuti zikukuopsani, koma mwina mudzadabwa. Lamulo lathu la ntchito la mu 2000 limangotsimikizira mayi masabata 8 a tchuthi cholipidwa, omwe ndi ochepa kwa thupi limene langochira, ndipo masabata awiri oyamba mutabwerera musadziikire cholemba chilichonse. Mudzakhala mukuphunzira kufinya mkaka, kuzolowerana ndi mlezi, ndi kupirira kusiya mwana m'mawa. Kusintha kwa mu 2021 kuja kunapatsanso mayi theka la ola kawiri pa tsiku loyamwitsira mpaka mwana atakwana miyezi 6. Imeneyo ndi nthawi ya mwana, musaisandutse yolembera. Koma zikakhazikika mudzaona kuti kuntchito kuli chinthu chimene kunyumba kulibe, nthawi yopuma masana manja onse awiri ali anu. Mphindi 20 mutatha kudya, katatu pa sabata, zimaposa zimene amayi ambiri okhala pakhomo ndi khanda amapeza. Mu minibasi ya m'mawa muzitola, masana muzimanga.

Bukulo mudzalitsegule mwana akayamba kugona maola asanu kapena asanu ndi limodzi osadzuka kwa masiku angapo otsatizana. Kwa ana ambiri zimenezi zimayamba chapakati pa chaka choyamba, ena amachedwerapo, ndipo mano akamamera zimabwereranso m'mbuyo kwa kanthawi. Tsiku limenelo mudzapemphe m'mawa wonse, muwerenge mitu inayi ija ulendo umodzi muli ndi pensulo, kenako tsamba lachidule lija ndi zimene munatola kumapeto kwa kope. Mwina mudzapeza kuti mayi wa m'nkhanimo, amene munamulemba musanakhale mayi inuyo, sakukukhutiritsaninso. Musadzang'ambe kalikonse tsiku lomwelo. Mudzalembe m'mphepete zimene zikufunika kusintha, muyambe mutu wachisanu, zokonza mitu yoyambayo zidzabwere buku likafika kumapeto.